Kalulu wa pa citsime: ana amukonda, makolo amukayikira, aphunzitsi ali pakati

Pa nthano zonse za Kalulu zimene zinabwera m'tauni kucokera kumudzi, ya citsime ndiyo ikana kufa. Ipezeka m'timabuku ta ana, ta Cinyanja ndi ta Cizungu tomwe, ndipo aphunzitsi ambiri a magiredi apansi aidziwa pamtima ngakhale buku litasowa. Koma mukafunsa anthu amene anaiwerenga kapena kuimva kuti aiona bwanji, mupeza kuti sagwirizana olo pang'ono. Kwa ena ndi phunziro labwino la kugwirira nchito pamodzi. Kwa ena ndi sukulu ya ukawalala yobisala m'cikopa ca kanyama kokongola.

Kwa amene anaiwalako, nthano ipita motere. Kunagwa cilala, mitsinje inauma, ndipo nyama zonse zinapangana kukumba citsime. Kalulu anakana, ati iye sasowa madzi, mame a m'mawa amukwanira. Anzake anakumba mpaka madzi anatuluka, naika lamulo lakuti amene sanakumbe asamwe. Anaikanso mlonda. Usiku Kalulu anabwera ndi nsupa ziwiri, ina ya uci, ina yopanda kanthu. Anamulawitsa mlonda kadontho kamodzi cabe, namuuza kuti uci umenewu ndi wotsekemera koopsa, munthu akaudya ali womasuka amagwa cagada, conco ndi bwino ayambe wamangidwa. Mlonda anavomera. Kalulu anamumanga manja ndi miyendo, anatunga madzi, anasamba m'citsime momwemo, nacivundula, ulendo. Mawa lake anaika mlonda wina, zinacitika cimodzimodzi. Fisi anamangidwa, Nyalugwe anamangidwa, ngakhale Mkango weniweni anapezeka m'mawa ali gone ndi zingwe. Potsiriza Fulu, amene onse anali kumuseka, anapempha kuti ayeseko. Anadzipaka ulimbo pamsana nakhala phee m'mphepete mwa madzi monga mwala. Kalulu anapondapo, mwendo unakanirira. Anamenya ndi wina, nawonso unakanirira. Anagwidwa.

Apa ndi pamene timabuku tina tisiyana ndi ambuya a kumudzi. Kabuku kofuna kuoneka kaulemu kamathera pomwepa: Kalulu wagwidwa, walangidwa, ndipo pansi pake alembapo phunziro lakuti ulesi ndi woipa. Ambuya satha msanga conco. Kwa iwo kukali bwalo la mlandu. Nyama zigamula kuti Kalulu afe, iye alira nauza oweruza kuti njira yomuphera bwino ndi kumugwira mcira, kumuzunguza m'mwamba ndi kumumenyetsa pansi. Amuzunguzadi, mcira uduka, mwini wake agwera uko nathawira m'thengo. Ndiye cifukwa cake mpaka lero kalulu ali ndi kamcira kafupi.

Mathero amenewa ndiwo abweretsa mkangano. Dandaulo la makolo amene saifuna nthanoyi ndi limodzi: wakuba wapulumuka, nanga mwana aphunzirapo ciani? Ndipo dandaulo limeneli si lopanda mutu. Tikhala mu mzinda umene munthu wocenjeretsa anzake amatamandidwa kuti ni mwamuna, aziba town. Pafoni pamabwera uthenga wa munthu wosadziwika wakuti ndalama zija tumizani pa nambala iyi. Pa siteshoni wina akugulitsani foni, mukafika kunyumba mupeza ndi sopo wokulunga bwino. Kholo limene linaluzapo ndalama mwa njira yotere silingaseke pomva kuti mwana wake wa zaka 8 anaombera m'manja Kalulu pamene anadula mcira nathawa. Ena aonjeza kuti kusukulu ya Sande mwana aphunzira kuti usabe, pa Mande aticha amuonetsa kuti wakuba ndiye ngwazi, manje mwana agwire citi?

Amene aikonda nthanoyi ayankha kuti odandaulawo ayang'ana nyama yolakwika. Kalulu sanathyole loko, sanamenye munthu. Mlonda aliyense anapereka yekha manja kuti amangidwe cifukwa ca kadontho ka uci. Mu cinenero ca masiku ano, uci uja ndi nicekeleko, ndipo citsime ca anthu onse cinagulitsidwa ndi amene anapatsidwa nchito yocisunga. Mukaiona motere, nthano siikamba kwambiri za ulesi wa Kalulu. Ikamba za Mkango wa mano onse amene anagona pansi cifukwa ca dyera, ndi za Fulu wonyozeka amene sanafune kulawa kanthu. Ine ndiona kuti awa ali pafupi ndi coona. Kabuku kamene kadula mathero kuti mwana asaone wakuba akuthawa kamunamiza mwanayo, cifukwa iye aona ndi maso ake m'komboni kuti si wolakwa aliyense amene amalangidwa. Cimene afunika kuona ndi cakuti kuthawa kwa Kalulu kunali ndi mtengo wake: anasiya mcira, anasiya anzake, ndipo pa citsime paja sadzapondanso.

Koma owerenga amene maganizo awo samveka kawirikawiri ndi eni ake a nthano, ana. Mwana wa ku Kanyama, ku George, ku Cawama kapena ku Misisi safunika kumufotokozera kuti kusowa madzi ndi ciani. Ndiye amene auka m'mamawa ndi cigubu ca malita 20 kukaima pa mzere wa pa kiyosiki asanapite kusukulu. Adziwa munthu amene amalumpha mzere cifukwa adziwana ndi wogulitsa. Adziwa ba landlord amene amakhoma pompi ndi loko ngati wina sanasonkhe ya bilu. Conco nkhani ya amene sanakumbe asamwe si ya m'thengo kwa iye, ndi ya pa yadi pawo. Mpatseni mpata, mafunso ake adzakhala olimba kuposa a m'buku. Nanga ngati Kalulu anali na bana, nabo sibanafunike kumwa? Nanga nkhalamba imene inalibe mphamvu yokumba? Nanga bamene banamangiwa, banabapanisha olo banabasiya cabe cifukwa ni bakulu-bakulu? Funso lotsirizali ndi limene akulu ambiri sitilifuna.

Palinso mbali ina imene zaka zaposacedwa zaisintha. Kale kusamba kwa Kalulu m'citsime kunali cabe cipongwe coseketsa. Mwana wa mu Lusaka wa lero anapita m'kolera ya 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala ndipo masukulu, m'malo motsegulidwa mu January, anatsegulidwa pa 12 February. Akulu ake akumbukanso ya 2017 ndi 2018. Ana awa anaona zitsime zosazama zikukwiriridwa m'makomboni, anamva fungo la klorini m'madzi akumwa, anauzidwa tsiku ndi tsiku kuti asambe m'manja. Kwa iwo munthu wolowa ndi mapazi m'madzi amene anthu onse akumwa si woseketsa, ndi woopsa. Cilala naco si liu la m'buku. Pa 29 February 2024 President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse, ndipo ana a m'tauni anacimva kupyolera mu mtengo wa unga ndi malaiti opita maola ambiri cifukwa madzi anacepa ku Kariba. Mphunzitsi amene afuna poyambira phunziro la ukhondo wa madzi sangapeze khomo lapafupi kuposa nthano imeneyi.

Vuto lake ndi lakuti nthano ikalowa m'kalasi imasintha maonekedwe. Kumudzi inali ya usiku, pambuyo pa cakudya, ndipo akulu anali kuletsa kuikamba masana. Wokamba anali kuyamba ndi mau ake odziwika, omvera nayankha kuti tili tonse, ndipo anali kuyankhabe mpaka kumapeto. Panali nyimbo pakati, panali kusintha mau, Fisi ndi liu lake, Fulu ndi lake. M'kalasi nthawi zambiri imakhala ndime yolembedwa pa bolodi, ana aikopera m'mabuku, pansi pake mafunso asanu. Ndani anakana kukumba citsime? Ndani anagwira Kalulu? Tiphunzirapo ciani? Mwana alemba kuti tisakhale aulesi, aticha acongapo, belu ilira. Palibe amene waseka, palibe amene watsutsa, ndipo nthano yafa ili ciimire.

Sitinganene kuti aphunzitsi ndi aulesi. Kucokera mu January 2022, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu, makalasi a m'masukulu a boma anadzaza. Boma linalemba nchito aphunzitsi opitirira 30,000 caka comweco, koma m'masukulu ambiri a m'makomboni ana akali ocuruka kuposa madesiki ndi mabuku. Munthu mmodzi kutsogolo kwa khamu lotere amasankha cimene cisunga bata, ndipo kukopera pa bolodi kumasunga bata. Koma apa ndi pamene nthano ili ndi mwayi umene buku lilibe. Buku limodzi silingakwanire ana khumi pa benchi, pamene liu limodzi lifika mpaka kumbuyo. Kuyankha kuja kwa tili tonse kunapangidwira nchito imeneyi, kuti wokamba adziwe ngati omvera akali naye kapena agona. Makolo athu anapeza kale njira yogwirira gulu lalikulu popanda ndodo.

Ndiye pali nkhani ya cinenero, imene mu Lusaka siingalambalalidwe. Cinyanja ca m'buku ndi Cinyanja ca mu msewu si cimodzi. Buku liti madzi, mwana ati manzi. Buku liti zakudya, mwana ati vakudya. Buku liti tsopano, mwana ati manje. Mau monga nsupa, ulimbo ndi mame ana ambiri obadwira m'tauni sanawamvepo. Coseketsa kwambiri ndi dzina la ngwazi ya nthanoyi. M'mabuku ena, makamaka ocokera ku Malawi, Fulu amachedwa Kamba. Mwana wa ku Matero akamva kuti kamba, aganiza kuti auzidwa kuti alankhule. Akatswiri a pa UNZA alembapo za kusiyana kumeneku pakati pa Cinyanja ca kusukulu ndi ca m'tauni, ndipo aphunzitsi aona zotsatira zake tsiku lililonse: mwana amene pabwalo akamba osapuma, m'kalasi ya Cinyanja akhala duu monga mlendo.

Makolo nawonso agawanika pa ici. Ocokera kum'mawa, ku Cipata, Katete ndi Cadiza, afuna kuti mwana aphunzire Cicewa ceniceni, cakuya, ndipo amva cisoni akamva mdzukulu akuti vintu. Ena, amene kunyumba akamba Cibemba, Citonga kapena Cilozi, afunsa cifukwa cake mwana wawo avutike ndi ulimbo ndi nsupa pamene mayeso a kutsogolo ndi nchito zonse zifuna Cizungu. Kucokera mu 2014 ana a giredi 1 mpaka 4 anali kuphunzitsidwa m'cinenero ca m'dera lawo, cimodzi mwa zisanu ndi ziwiri zovomerezeka, ndipo ku Lusaka cinali Cinyanja. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya 2023, imene inayamba kugwira nchito mu 2025, yabwezera Cizungu patsogolo monga cinenero cophunzitsira kuyambira pansi, ndipo zinenero zathu zatsala monga phunziro paokha ndi zothandizira kufotokoza pamene mwana sanamvetse. Tanthauzo lake kwa Kalulu ndi lakuti malo ake m'Cinyanja acepa. Ngati mapiriyodi ocepa amenewo adzathera pa kukopera pa bolodi, ana ambiri adzamudziwa cabe m'Cizungu, wopanda nyimbo ndi wopanda liu.

Pano ndiikepo kanthu ka pambali kwa makolo amene amaona kuti kabuku kocokera kunja ndiko kali ndi nzeru. Nthano yochuka ya ku America ya Brer Rabbit ndi cidole ca phula, imene Joel Chandler Harris anaisindikiza m'buku la Uncle Remus mu 1880, anaimva kwa anthu akuda a m'minda ya kum'mwera kwa dzikolo, amene makolo awo anatengedwa ukapolo kucokera ku Africa. Kalulu wake amenya, dzanja likanirira, amenyanso, linanso likanirira, ndipo potsiriza anyenga omugwira kuti amuponye kumene iye afuna. Ndi mafupa amodzimodzi ndi nthano yathu ya citsime. Amene agula ya Brer Rabbit mu shopu ya ku mall nakana ya ambuya agula katundu wa kwawo atapakidwa utoto wina.

Nanga aphunzitsi amene aigwiritsa bwino nchito acita ciani cosiyana? Cacikulu ndi cakuti ayamba ndi pakamwa, buku libwera pambuyo. Aikamba nthano m'Cinyanja cimene ana amva, ndi manzi ake ndi manje wake, ndipo liu lacilendo likafika aliimika pang'ono. Ulimbo aufanizira ndi cingamu comatirira ku nsapato, nsupa ndi botolo. Pambuyo pake ndi pamene alemba pa bolodi madzi pafupi ndi manzi, kuti mwana aone kuti zimene akamba kunyumba si zolakwika, koma kuti buku lili ndi kalembedwe kake. Mwana amene wamva kale nthano ndi kuiseka sacita mantha akaipeza pa pepala, cifukwa adziwa cimene cibwera kutsogolo, ndipo maso ake ayamba kugwira mau amene khutu linagwira kale. Pulogramu ya Catch Up, imene Unduna wa Maphunziro uyendetsa kwa ana a giredi 3 mpaka 5 otsalira m'mbuyo pa kuwerenga, imagawa ana molingana ndi pamene afika: wodziwa zilembo, wodziwa mau, wowerenga ndime, ndipo pamwamba penipeni wowerenga nthano yathunthu. Nthano ndiyo mapeto a makwerero amenewo, koma palibe coletsa kuti mwana wa pansi aimve ndi makutu akali kulimbana ndi zilembo.

Njira imene ine ndiona kuti iposa zonse ndi ya bwalo. Mphunzitsi aimitsa nthano pamene Kalulu wakanirira pamsana pa Fulu, nasandutsa kalasi kukhala khoti. Ena akhala oimba mlandu, ena oimira Kalulu, ena alonda aja omangidwa amene afunika kufotokoza cimene cinacitika usiku. Kalasi yaikulu apa ikhala dalitso, cifukwa nyama za m'nthano ndi zambiri ndipo aliyense apeza mbali. Ana aphunzira kupereka cifukwa, kudikira mnzawo atsirize, kusintha maganizo akamva mfundo yabwino. Kawirikawiri mlandu umene unayamba ndi Kalulu umathera pa Mkango. Ndipo pamene mphunzitsi awauza mathero enieni, akuti mcira unaduka ndipo wolakwa anathawa, mkwiyo wa amene anaweruza bwino ndi phunziro lokwanira. Kholo limene liopa kuti mwana adzatengera Kalulu likanaona nkhope za ana amene anakumba citsime m'sewerolo, mwina mtima ukanakhala pansi.

Zoona, njira imeneyi ili ndi phokoso, ndipo kalasi yoyandikana nayo ingadandaule. Idyanso nthawi, piriyodi imodzi siikwana. Mphunzitsi amene ali ndi silabasi yomuthamangitsa ndi akulu ofuna kuona zolembedwa m'mabuku a ana angaone kuti ndi kutaya nthawi. Palinso aphunzitsi amene anatumizidwa ku Lusaka kucokera ku zigawo zina, amene Cinyanja cawo ndi ca pa msika, ndipo aopa kuima kutsogolo kukamba nthano yonse popanda pepala.

Kwa otere, kumvera akatswiri kuthandiza. Akulu amene anakula ndi wailesi ya Zambia Broadcasting Services akumbuka Julius Chongo ndi pulogramu yake ya Poceza m'Madzulo, m'mene munthu mmodzi anali kukhala nkhalamba, mwana, mfumu ndi cilombo mwa kusintha cabe liu. Zina mwa nthano zake zinalembedwa ndi kusindikizidwa m'buku ndi Ernst Wendland, koma amene anamumva adziwa kuti pepala linasunga mau cabe, mphamvu inali m'kamwa. Malaibulale a ana a Lubuto, monga ya ku Kamwala ndi ya ku Garden, nawonso apatsa malo kukamba nthano ndi kuwerengera ana mokweza, osati kungoika mabuku pa shelufu. Mphunzitsi safunika kukhala Chongo. Afunika cabe kulola kuti Fisi amveke monga Fisi.

Cinthu cina cimene Lusaka ili naco, cimene mudzi ulibe, ndi kusakanizika kwa mitundu m'kalasi imodzi. Kalulu ameneyu Abemba amuchanso Kalulu, Atonga amucha Sulwe, Alozi amucha Shakame, ndipo nthano ya citsime imakambidwa mosiyana-siyana. Kwina amene agwira wakuba ndi cidole comata cimene nyama zinaimika pa citsime, kwina ndi Fulu wobisala pansi pa madzi amene angogwira mwendo osausiya. Kwina Kalulu apempha kuti amuponye pa phulusa kapena pa udzu m'malo momuzunguza mcira. Homuweki yosavuta ndi kutuma ana kuti akafunse kunyumba m'mene nthanoyi ithera, ndi kubwera kudzaikamba m'cinenero cimene anaimvera. Tsiku lotsatira kalasi idzakhala ndi mathero atatu kapena anai otsutsana, ndipo aliyense adzaumirira kuti ambuya ake ndiwo adziwa zoona. Padzakhalanso mwana amene adzabwera cimanjamanja, cifukwa amai ake afika usiku kucokera ku Soweto Market ali otopa, ndipo pa nyumba palibe wina amene aikumbuka. Mphunzitsi afunika kukonzekeratu kuti mwana ameneyo adzamupatsa mbali iti pa bwalo la Kalulu.